Kodi Nthambo za Magetsi Zingatibweretsere Intaneti?

Nkhani yathu ya lero inayambira pa khonde la nyumba ina ku Chunga, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi Matero ndi Lilanda.

Ndinapita kumeneko kukacheza kwa mlongo wanga, ndipo ndinapeza mwana wake wamwamuna, amene ali m'kalasi yomaliza ya sekondale, atakhala pa khonde nkhope ili yakugwa. Aphunzitsi anali atatumiza mafunso okonzekera mayeso pa foni, koma bandulo imene amayi ake anamgulira Lolemba inali itatha pofika Lachitatu, ndipo m'nyumbamo munalibe ndalama yogulira ina. Mnyamatayo analoza nthambo yochokera pa mtengo wa magetsi kudzalowa pansi pa denga, nati: "Amalume, nthambo iyi inafika kale m'nyumba muno. Imatipatsa kuwala, imayendetsa firiji ndi wailesi. Nanga chiletsa n'chiyani kuti itibweretserenso intaneti? Anzanga akuti m'tauni mukugulitsidwa timabokosi toika pa soketi, ndipo ukangogula basi, intaneti yalowa."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso la mwanayu ndi lanzeru, pakuti akatswiri a magetsi m'maiko ambiri anadzifunsa funso lomwelo, nawononga chuma chambiri pofuna yankho lake. Tsono tiyeni tiliyankhe mwachifatse, kuti pasapezeke kholo lotaya ndalama zake pachabe.

Tiyambe ndi ulendo wa magetsiwo. Ambiri mwa magetsi a dziko la Zambia amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, makamaka ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi ndi ku Kafue Gorge pa mtsinje wa Kafue. Kuchokera kumeneko amayenda pa nsanja zazitali zachitsulo ndi mphamvu ya mavoliti 330,000, nafika pa masiteshoni akuluakulu monga ya Leopards Hill, kupitirira Kabulonga ndi Woodlands. Bungwe la ZESCO, limene linakhazikitsidwa mu 1970, limatsitsa mphamvuyo pang'onopang'ono kupyolera m'mathiransifoma, kufikira mavoliti 11,000 pa nthambo za m'misewu, ndipo pomaliza mavoliti 230 pa soketi ya m'nyumba mwanu.

Magetsi amenewa sayenda molunjika kumodzi monga madzi mumpope. Amapita ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera, maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Kwa ife maulendo 50 ndi ambiri zedi, koma kwa nthambo ya mkuwa kapena ya aluminiyamu uku n'kuyenda kwa kamba. Nthambo yomweyo ikhoza kunyamulanso mafunde ena ang'onoang'ono, ogwedezeka maulendo zikwizikwi pa sekondi, osasokoneza magetsiwo. Taganizani za bwalo la gule. Ng'oma yaikulu ikulira pansipansi, amayi akuimba nthungululu pamwamba. Mawu onsewo akudzera mumpweya umodzi, komabe khutu lanu limawalekanitsa bwinobwino. Momwemonso pali zipangizo zolekanitsa magetsi oyenda pang'onopang'ono ndi mafunde othamanga, ndipo m'mafunde othamangawo ndi mmene timalongedza uthenga.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kuyambira m'zaka za m'ma 1920, makampani a magetsi akhala akugwiritsa ntchito nthambo zawo zazikulu ngati lamya, kuti wogwira ntchito ku damu alankhule ndi mnzake wa mumzinda, ndiponso kuti siteshoni imodzi iuze inzake msanga kuti izime nthambo imene yachita ngozi. Mukadutsa pafupi ndi siteshoni yaikulu, mwina mudzaona zinthu zooneka ngati migolo zitapachikidwa pamene nthambo zikulowera. Migolo imeneyo imalola magetsi kudutsa, koma imatsekereza mafunde a uthenga kuti asamwazikire m'makina a siteshoniyo. Mafunde ake ndi a maulendo osapitirira 500,000 pa sekondi, ndipo amakwanira kunyamula mawu a anthu ochepa ndi zizindikiro zoyendetsera makina. Tingati ndi kanjira ka kumunda, kodutsamo munthu mmodzimmodzi.

Intaneti imafuna msewu waukulu. Chithunzi chimodzi chokha chili ndi uthenga wochuluka kuposa kalata yaitali, nanji kanema. Kotero intaneti itafala m'zaka za m'ma 1990, akatswiri anayesa kukweza mafunde aja kufikira pakati pa maulendo 2 miliyoni ndi 30 miliyoni pa sekondi, ndi kuwatumiza pa nthambo zazing'ono zofika m'makomo. Chiyembekezo chinali chachikulu, pakuti nthambo za magetsi zinafika kale m'nyumba zochuluka, ndipo anthu anaona ngati sipadzafunikanso kukumba ngalande kapena kuimika mitengo yatsopano.

Ku Manchester, m'dziko la Britain, makampani a Nortel ndi United Utilities anayamba kuyesa mu 1997, koma pofika 1999 anaitseka ntchitoyo. Ku Germany kampani yaikulu ya magetsi ya RWE inayamba kugulitsa intaneti yotere mu 2001, niileka mu 2002. Ku America, mzinda wa Manassas m'chigawo cha Virginia unatchuka mu 2005 poifikitsa mumzinda monse, koma mu 2010 akuluakulu a mzindawo anaithetsa. Awa anali makampani achuma, okhala ndi akatswiri odziwa ntchito yawo. Nanga chinawagonjetsa n'chiyani? Zopinga zake zilipo zinayi, ndipo zonsezo mungazione ndi maso anu mutayenda m'misewu ya ku Chunga.

Chopinga choyamba ndi thiransifoma, chija chimakhala pa mitengo iwiri pamphambano. M'kati mwake muli mawaya awiri okulungidwa pa chitsulo, osakhudzana, ndipo mphamvu imaoloka kuchokera ku waya wina kupita ku unzake mwa maginito. Magetsi a maulendo 50 amaoloka bwino, koma mafunde othamanga amafera pomwepo. Pa thiransifoma iliyonse pamafunika tsono chipangizo chowalambalalitsa, ndipo popeza mafundewo amafooka msanga, pamafunikanso zipangizo zowapatsa mphamvu pamtunda uliwonse waufupi. Ku America thiransifoma imodzi imatumikira nyumba zowerengeka chabe, choncho zipangizozo zinachuluka ndipo mtengo unakwera. Kuno kwathu thiransifoma imodzi imatumikira nyumba zambirimbiri, ndipo wina angati pamenepo tapeza mwayi. Koma nyumba zonsezo zingagawane msewu umodzi womwewo. Aliyense amene anaimapo pamzere wotunga madzi pampope wa m'komboni adziwa kuti zidebe zikachuluka, chako chimachedwa kudzaza.

Chachiwiri ndi phokoso. Sitikunena phokoso lomveka m'khutu ayi, koma timafunde tosokonekera timene makina amabwezera m'nthambo. Bambo wowotcherera mageti ndi mafelemu a mazenera, chigayo, makina oumitsira tsitsi m'saluni, firiji yakale, ngakhale tchaja yotchipa ya foni, zonsezi zimalavulira timafunde totere m'nthambo imodzi yomweyo. Onjezanipo mfundo zolumikizidwa mosasamala, zimene zimathetheka m'nyengo ya mvula. Uthenga woyenda m'nthambo yotere ufanana ndi munthu wonong'oneza mnzake pakati pa msika wa Soweto. Kuti amvane ayenera kubwereza mawu kawirikawiri, ndipo kubwerezako ndiko kumachedwetsa intaneti.

Chachitatu chikukhudza wailesi imene mukumverayi. Nthambo yochokera ku mlongoti wa wailesi ya kanema ili ndi chofunda chachitsulo chotsekera mafunde m'kati, ndipo mawaya a lamya amapotedwa awiriawiri kuti mafunde asathawe. Nthambo ya magetsi ilibe chitetezo chotere, chifukwa sinapangidwire ntchito imeneyi. Mukaikamo mafunde othamanga, iyo imasanduka mlongoti wautali, niwamwaza mumlengalenga. Tsoka lake n'lakuti mafunde a pakati pa 3 miliyoni ndi 30 miliyoni ndiwo mafunde aafupi a wailesi, aja amaoloka mapiri ndi nyanja. Achikulire akumbukira kawailesi kooneka ngati sefuliya, kotchedwa Saucepan Special, kamene kanabwera mu 1949 mwa khama la Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani mu Lusaka pa nthawiyo. Kawailesi kameneko kanali ka mafunde aafupi, ndipo ndi mafunde amenewo mawu ochokera ku Lusaka anamveka m'midzi ya ku Chipata, ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Mpaka lero oyendetsa ndege pamwamba pa nyanja zazikulu ndi oyendetsa zombo amawagwiritsabe ntchito. Ku Manassas, anthu okonda kulankhulana pa mafunde aafupi anadandaula kwa boma kuti akumva mkokomo wokhawokha, ndipo mkangano wake unatenga zaka.

Chachinayi sitifunikira kuphunzitsidwa ndi munthu wakunja. Tinaona kuzimazima kwa magetsi mu 2015 ndi mu 2019, ndipo mu 2024 chilala chinakula kotero kuti mu February boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo m'madera ambiri a Lusaka magetsi anali kubwera maola owerengeka okha pa tsiku. Zipangizo zonse zonyamula uthenga pa nthambo zimadya magetsi a nthambo yomweyo, ndiponso pozima dera, amisiri amatsegula switchi imene imadula njirayo. Intaneti yodalira nthambo za m'misewu ikanazima pamodzi ndi mababu, pa nthawi yeniyeni imene munthu afuna kudziwa kuti magetsi abwera liti.

Pamene akatswiri anali kulimbana ndi zopingazi, njira zina zinawapitirira. Dziko lino linalumikizidwa ku intaneti mu 1994, kudzera ku ZAMNET imene inabadwira pa yunivesite ya Zambia, ndipo masiku amenewo uthenga unali kuyenda pa mawaya a lamya. Pambuyo pake anadza mafoni a m'manja, amene anafika kwa anthu ambiri popanda nthambo iliyonse yolowa m'nyumba, ndipo mu 2023 inafika Starlink, yochokera ku masetilaiti. Wogulitsa intaneti ya pa nthambo za magetsi anapeza kuti msika watengedwa kale.

Kodi tinene tsono kuti magetsi ndi intaneti zinalekana njira? Iyayi. Nzeru ija inafa mbali imodzi, koma mbali zina ili moyo, ndipo mbali zitatu ndizo ndifuna muzidziwe.

Yoyamba ndiyo yaikulu koposa. Mukayang'ana nsanja ya magetsi, mudzaona kuti pamwamba penipeni pali nthambo yopyapyala, yosiyana ndi zinzake. Ntchito yake yoyamba ndi kulandira mphezi ndi kuitsitsira pansi, kuti isaombe nthambo zonyamula magetsi. Akatswiri anapeza njira yoika m'kati mwa nthambo imeneyo timaulusi tagalasi, topyapyala ngati tsitsi, timene ambiri amatitcha faiba. M'timaulusiti uthenga umayenda ngati kuwala, kuthwanima ndi kuzima maulendo osawerengeka pa sekondi. Katswiri wina, Charles Kao, anasonyeza mu 1966 kuti galasi loyeretsedwa bwino likhoza kunyamula kuwala mtunda wautali, ndipo mu 2009 analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Kuwala sikusokonezedwa ndi makina owotcherera, sikuthawira mumlengalenga, ndipo kaulusi kamodzi kamanyamula uthenga wochuluka kuposa nthambo iliyonse ya mkuwa.

M'zaka za m'ma 2000, ZESCO inayamba kuika nthambo zoterezi pa nsanja zake, ndipo nthambi yake yotchedwa Fibrecom imagulitsa malo m'timaulusito kwa makampani a mafoni ndi a intaneti. Ku Copperbelt, kampani ya Copperbelt Energy Corporation inachitanso chimodzimodzi pa nsanja zake zotumikira migodi, ndipo ku Malawi bungwe la ESCOM lili ndi faiba pa nthambo zake. Kwa dziko lopanda gombe monga lathu, ichi ndi chinthu chachikulu, pakuti nthambo za pansi pa nyanja, monga SEACOM imene inayamba ntchito mu 2009 ndi EASSy ya mu 2010, zimathera m'madoko a maiko oyandikana nafe, ndipo uthenga uyenera kuyenda makilomita ambirimbiri pamtunda kuti utifike. Kotero uthenga umene mwana uja analandira pa foni yake ukhoza kukhala kuti unayenda mbali ina ya ulendo wake pamwamba pa nsanja za magetsi, iye osadziwa. Unadzera m'galasi, nsanjazo zinangoubereka kumsana.

Mbali yachiwiri ndi mita. Uthenga wa mita ndi waufupi, manambala ochepa chabe, choncho kanjira ka kumunda kaja kamaukwanira. Ku Italy, kampani ya Enel inayamba mu 2001 kuika mamita pafupifupi 30 miliyoni amene amatumiza okha chiwerengero chawo kudzera m'nthambo za magetsi. Kuno kumwera kwa Africa kuli mamita ena olipiriratu okhala m'zigawo ziwiri: mita yeniyeni ili panja kapena pamwamba pa mtengo, ndipo m'nyumba muli kabokosi ka mabatani koika pa soketi. Mukalemba manambala 20 aja a mayunitsi, kabokosiko kamawatumiza ku mita kudzera m'mawaya a m'khoma. N'chifukwa chake mayunitsi akatheratu mumauzidwa kuikamo mabatire ndi kukalumikiza pa soketi ya pakhoma. Amene muli ndi mita yotere, mwakhala mukutumiza uthenga pa nthambo za magetsi mwezi ndi mwezi.

Mbali yachitatu ndiyo timabokosi tija anatchula mwana wa mlongo wanga. Tilipodi, ndipo si tachinyengo. Makampani opanga zipangizo anagwirizana mu 2000 pansi pa dzina lakuti HomePlug, natulutsa malamulo ake oyamba mu 2001, ndipo mu 2010 bungwe la akatswiri la IEEE linakhazikitsa muyezo wake wotchedwa 1901. M'kati mwa nyumba mtunda ndi waufupi ndipo palibe thiransifoma, choncho mafunde aja amayenda bwino ndithu. Koma mvetsetsani apa, pakuti ndi pamene ambiri amanyengedwa. Timabokositi sitipanga intaneti, ndipo sititunga intaneti ku ZESCO. Ntchito yake ndi kutenga intaneti imene mwalipira kale, yolowa pa rauta m'chipinda chimodzi, ndi kuifikitsa ku chipinda china kumene makoma akutchinga mafunde. Kamodzi kamakhala pafupi ndi rauta, kanzake ku chipinda chakutalicho. M'nyumba yopanda intaneti, timabokosito tingoyaka nyali zake basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: wogulitsa akakuuzani kuti mudzapeza intaneti yaulere pa soketi, bwezani ndalama zanu m'thumba.

Kwa iwo amene ali nayo kale intaneti, kaya ku Kabwata, ku Chelstone kapena ku Chunga komweko, nawa malangizo ochepa. Ikani kabokosiko pa soketi ya pakhoma penipeni, pakuti maekisitenshoni okhala ndi chotetezera ku mphezi amameza mafunde ake. Timabokosi tonse tikhale pa mita imodzi, ndipo dziwani kuti ngati zipinda zina zimadyetsedwa ndi jenereta kapena invata ya sola, njira ikhoza kuduka. Liwiro lolembedwa pa katoni musalikhulupirire kwambiri, chifukwa m'nyumba ya mawaya akale mudzapeza gawo lochepa chabe la liwirolo. Pa pulote pamene mabanja angapo a lendi amagawana mita imodzi, mafunde anu amafikanso m'masoketi a anzanu, choncho dinani batani lomangira timabokosi tanu pamodzi, kuti uthenga wanu ukhale wobisika. Koposa zonse, musakoke waya wa magetsi kupita ku nyumba ya mnansi pofuna kugawana intaneti, ndipo musatsegule mita kapena kukwera mtengo wa magetsi. Mavoliti 230 amapha munthu wamkulu, ndipo waya wodutsa pabwalo amapha mwana wosewera m'matope.

Pali chinthu china chimene tonse tingachite. Ngakhale nthambo ya magetsi inalephera kunyamula intaneti kufika m'makomo, mitengo yake ikhoza kunyamula faiba, yopachikidwa m'munsi mwa nthambo za magetsi, popanda kukumba ngalande m'tinjira topanikizana ta m'komboni. Makampani amayambira kumene akuona kuti kuli olipira ambiri, ndipo n'chifukwa chake madera monga Kabulonga ndi Woodlands amatsogola. Koma sukulu, chipatala kapena laibulale ya m'dera monga Chunga ikalumikizidwa, ana mazanamazana amapindula ndi nthambo imodzi. Iyi ndi nkhani yoyenera kuikamba pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ndiponso kwa makhansala athu. Ndipo nthambo zikafika, tizisunge. Akuba amadula faiba poganiza kuti mupezeka mkuwa, koma m'kati mwake muli galasi losagulika kwa wogula zitsulo aliyense. Wakubayo amachoka chimanjamanja, pamene dera lonse latsala lopanda mafoni, ndipo amayi a pamsika alephera kulandira ndalama za malonda awo. Mukaona munthu akusewera ndi thiransifoma kapena nthambo, dziwitsani apolisi kapena a ZESCO msanga.

Madzulo aja ku Chunga ndinamfotokozera mnyamatayo zonsezi mwachidule. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Ndiye kuti nthambo iyi singathe, amalume, koma mtengowu ungathe." Ndinamuyankha kuti wamva bwino. Ndalama zimene anali kusunga kuti agule kabokosi anagulira bandulo, natsitsa mafunso onse a mayeso nthawi imodzi kuti aziwerenga ngakhale intaneti itatha.

Sabata yamawa, pa nthawi yonga yomwe ino, tidzakamba za magetsi a dzuwa, ndi mmene banja lingasankhire batire loyenera nyumba yake. Ngati muli ndi funso lokhudza nkhani ya lero, tilembereni kalata, ndipo tidzayesa kuliyankha.